Odzipereka kwa Kanduku: kuwapeza nkosavuta, kuwasunga ndiye nkhani

Bungwe la United Nations lidasankha 2026 kukhala chaka cha anthu ogwira ntchito zachitukuko mongodzipereka. Zaka zotere zimabwera ndi misonkhano, malipoti komanso mabuku olembedwa mogwirizana, momwe akuluakulu a mabungwe amagawana nzeru zokopera mavolontiya ndi kuwasunga. Koma buku lotere litapempha mutu umodzi kuchokera m'dera la mfumu yaikulu Kanduku m'boma la Mwanza, zolembedwamo zingasiyane kwambiri ndi zimene amalemba a ku London kapena New York.

Kumeneko, wodzipereka amakhala munthu amene wadya kale, ndipo akupereka nthawi yake yotsala. Kwa Kanduku, monganso m'madera ambiri a kumudzi, wodzipereka ndi mayi amene wasiya khasu m'munda kuti akaphike phala kusukulu ya mmera mpoyamba. Ndi bambo wa m'komiti ya mjigo, mnyamata wa chitetezo cha m'mudzi, kapena mayi woyendera makomo kuphunzitsa za kadyedwe koyenera. Nthawi imene akuperekayo si yotsala ayi. Ndi yomwe akadagwirira ganyu.

Boma la Mwanza, lomwe pakalembera wa 2018 lidapezeka ndi anthu pafupifupi 131,000, lidali m'gulu la maboma amene adalengezedwa kuti ali pangozi namondwe wa Freddy ataomba mu March 2023. Panthawiyo, komanso pamene kolera idavuta m'dziko muno mu 2022 ndi 2023, ntchito yoyendera makomo, kugawa mankhwala othira m'madzi ndi kulemba maina a ovutika idatsamira kwambiri pa anthu osalandira malipiro. Ndondomeko ya boma ya zaumoyo wa m'madera ya 2017 mpaka 2022 idafuna kuti mlangizi wa zaumoyo mmodzi azisamalira anthu 1,000. Komwe chiwerengerochi sichidakwanire, mpatawo amatseka ndi odzipereka.

Kuwapeza anthuwa si vuto. Nyakwawa ikaitanitsa msonkhano pabwalo, maina amakwana dzuwa lisadapendeke. Ena amalowa chifukwa cha chifundo, ena ulemu, ndipo achinyamata ambiri amene adalemba mayeso a Fomu 4 amalowa ndi chiyembekezo chakuti mwina ntchito yeniyeni itulukira pomwepo. Palibe cholakwika ndi chiyembekezo chimenechi. Cholakwika nchakuti olemba anthuwo kawirikawiri amachiona koma sanena poyera kuti ntchito kulibe.

Mavuto amayamba mvula ikagwa. Munda sudikira msonkhano. Nyengo ya manachesi, chipatso chimene Mwanza adatchuka nacho, ikafika, aliyense amathamangira kumsika ndi kumsewu. Ndipo Mwanza ali ndi chiyeso china chomwe maboma ambiri alibe: chipata cholowera ku Mozambique chili pakhomo, ndipo mabasi a ku Joni amadutsa anthu akuona. Mnyamata amene bungwe lamuphunzitsa sabata ziwiri akhoza kupezeka ali ku Johannesburg chaka chisadathe. Kugwa mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kudangowonjezera moto, chifukwa tsiku lililonse losapeza ndalama lidayamba kupweteka kuposa kale.

Ena amadandaula kuti Amalawi adataya mtima wothandizana. Mbiri ikuonetsa kuti nkhaniyi ndi yozama kuposa pamenepo. Mawu akuti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana, koma atsamunda adawasandutsa ntchito yokakamiza m'maesiteti, nkhanza imene idali mwa zifukwa zimene John Chilembwe adaukira mu 1915. Mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda kudali Sabata ya Achinyamata, yomwe idakonza misewu ndi milatho, ngakhale kuti kukana kudali kovuta. Demokalase itabwera mu 1994, ntchito za MASAF zidayamba kulipira anthu polambula misewu. Choncho munthu wa kumudzi akafunsa kuti, "Kodi pali kangachepe?" sikuti ndi dyera chabe. Waphunzira kuti ntchito yaulere nthawi zambiri pamakhala wina amene akudyerapo, ndipo amaona yekha galimoto zimene alendo obweretsa pulojekiti amakwera. Chikhalirecho munthu yemweyo amakumba manda ndi kuphika pamaliro popanda kufunsa tambala.

Chimene chimawononga kwambiri ndi kusiyana kwa kachitidwe ka mabungwe. M'mudzi umodzi, bungwe lina limapereka njinga ndi alawansi, lina tisheti yokha, lina zikomo wa pakamwa. Wodzipereka wanzeru amasamukira komwe kukununkhira, ndipo sukulu ya mkombaphala, yomwe ilibe wothandiza, ndiyo imatsala yopanda mlezi. Boma lidayamba kupereka kangachepe kwa alezi ena ophunzitsidwa, koma ochuluka sadafikiridwe, ndipo alezi awiri ogwira ntchito imodzi, wina akulandira wina osalandira, sakhalitsa pamtendere.

Phunziro lina lili pafupi, m'boma la Neno, lomwe lidapatuka ku Mwanza mu 2003. Kumeneko bungwe la Partners In Health, lodziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likugwira ntchito kuyambira 2007, ndipo anthu ake oyendera makomo amaphunzitsidwa, amayang'aniridwa komanso amalandira ndalama mwezi ndi mwezi. Izi zikugwirizana ndi malangizo amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa mu 2018, akuti ogwira ntchito zaumoyo m'madera azilipidwa molingana ndi kukula kwa ntchito yawo.

Komabe malipiro odalira thandizo lakunja ali ndi msampha wake. Boma la America litaimitsa thandizo lake mu January 2025, ntchito zambiri za m'madera m'dziko muno zidagwedezeka, ndipo ena amene adazolowera kulandira adangokhala manja lende. Kuuza munthu woteroyo kuti abwererenso kugwira ulere nkovuta kuposa kumupempha koyamba.

Apa mpomwe pakufunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene mabungwe amakonda kuziphatikiza. Ntchito ya tsiku ndi tsiku, monga kulera ana m'mawa uliwonse, ndi ntchito basi, ndipo iyenera kulowa m'bajeti. Kudzipereka kwenikweni kumakhalitsa pamene katunduyo ndi wopepuka. Njira ya makeyagulupu, yomwe bungwe la World Relief lidayambitsa m'chigawo cha Gaza ku Mozambique mu 1995 ndipo idafalikira ku Malawi, idamangidwa pa nzeru imeneyi: mayi mmodzi amayendera makomo 10 mpaka 15 a anansi ake, sayenda mtunda wautali, ndipo amakumana ndi anzake pafupipafupi. Koma nayonso imafooka pulojekiti iliyonse yatsopano ikamasenzetsa mayi yemweyo mafomu ake.

Nzeru zonsezi odzipereka a kwa Kanduku akuzidziwa, kungoti sizidalembedwe. Malipoti amalembedwa m'Chingerezi, kulembera opereka ndalama, ndipo amawerenga anthu amene aphunzitsidwa, osati amene atsalapo patatha zaka ziwiri. Ngati mabungwe ndi khonsolo ya Mwanza angafune kuikapo mutu wawo m'buku la chaka cha odzipereka, poyambira pabwino ndi m'makaundula a makomiti a VDC ndi ADC, momwe muli maina a anthu amene adasiya. Ambiri mwa iwo akadali m'midzi momwemo, ndipo akhoza kufotokoza m'Chichewa chomveka tsiku limene adaganiza zobweza kope la bungwe nkubwerera kumunda.