Dzijambuleni Mukuphunzitsa, Koma Vidiyoyo Ikhale Yanu

Mphunzitsi mnzanga, pa anthu onse a m'kalasi mwanu, alipo mmodzi yekha amene sanakuonenipo mukuphunzitsa. Munthuyo ndi inuyo. Ophunzira amakuonani tsiku ndi tsiku, ahedi ndi alangizi amakuonani mwa apo ndi apo, koma inu mumangodalira zimene mukukumbukira. Tsono mtima umakondera mwini wake: umasunga mwana amene anayankha bwino, n'kuiwala ena 60 amene anangokhala duu. N'chifukwa chake ndikuti mphunzitsi aliyense azidzijambula pa vidiyo kamodzi kapena kawiri pa teremu, n'kukhala pansi kudzionera.

Nzeru imeneyi si yachilendo. Mu 1963, pa yunivesite ya Stanford ku America, Dwight Allen ndi anzake anayambitsa njira yotchedwa microteaching. Wophunzira zauphunzitsi ankaphunzitsa ana ochepa kwa mphindi zochepa, amvekere ndemanga, akonze, n'kuphunzitsanso. Vidiyo inathandiza kwambiri chifukwa munthu ankadzionera yekha zimene anzake akunena. Nthawi imeneyo makina ojambulira anali aakulu ndiponso odula. Lero foni yam'manja yokhala ndi kamera ikukwanira, ngakhale yobwereka.

Nanga mudzaonamo chiyani? Tengani chitsanzo cha mafunso. Mu 1972, Mary Budd Rowe anafotokoza zimene anapeza atamvetsera maphunziro a sayansi ojambulidwa pa tepi: aphunzitsi akafunsa funso ankangodikira pafupifupi sekondi imodzi, kenaka n'kulibwereza, kuloza mwana wina kapena kuyankha okha. Pamene anazolowera kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho anatalika ndipo ana ambiri, kuphatikizapo amanyazi, anayamba kulankhula. Ndani wa ife angayeze sekondi imodzi ali ndi choko m'manja? Palibe. Koma pa vidiyo mutha kuiwerenga. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa inu amene mukuphunzira kudzera m'makalata, phindu lake ndi lalikulu zedi. Ku Zambia, kuyambira mu 2005 m'chigawo cha Central, aphunzitsi anayamba kukonzera limodzi phunziro, kuonererana ndi kukambirana, potengera njira ya ku Japan yotchedwa lesson study. Njirayi imafuna anzanu ali pafupi. Nanga ngati sukulu yanu ili ndi aphunzitsi atatu okha, aliyense ali ndi kalasi yake? Vidiyo imanyamula phunziro lanu n'kulifikitsa kwa mnzanu Loweruka, kalasi isanasiyidwe yokha.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Tsamiritsani foni pa mabuku kumbuyo kwa kalasi, zenera likhale kumbuyo kwa foniyo kuti chithunzi chisade. Jambulani mphindi 10 kapena 15 basi. Koyamba ingoonerani, mudabwe ndi mawu anu ndi kaimidwe kanu, zimenezo zithe. Kachiwiri tengani pepala ndipo mutsate chinthu chimodzi chokha. Mwaloza anyamata angati, atsikana angati? Mwatha mphindi zingati mutafulatira ana pa bolodi? Pamene kalasi yonse yayankha kuti "Eee!", ndi angati asonyeza kuti amvadi? Sankhani chimodzi choti musinthe, ndipo pakatha milungu iwiri jambulaninso.

Ena mwa inu muti, "Aaa, kamera ikakhalapo ana amasintha, nanenso ndimachita zodzionetsera." N'zoona, makamaka tsiku loyamba. Koma zizolowezi zenizeni sizibisika. Wofunsa n'kudziyankha yekha adzaterobe, kamera ilipo kapena palibe. Enanso muti n'zochititsa manyazi. Manyaziwo ndi a tsiku limodzi, pamene mwana wokhala kumbuyo amene simumuloza amataya chaka chathunthu.

Pamene pali ngozi yeniyeni ndi apa: vidiyo ikasanduka chikwapu. Ahedi kapena oyendera sukulu akayamba kulamula kuti mavidiyo aperekedwe ku ofesi, kuti aonerepo woyenera kukwezedwa kapena kudzudzulidwa, ntchito yonseyi yafa. Aliyense adzajambula phunziro loyeserera kale, ana anzeru atakhala kutsogolo. M'makalasi a sukulu za kwacha timadziwa kuti munthu wamkulu akachititsidwa manyazi pa gulu, mawa lake sabweranso. Mphunzitsi naye ndi munthu wamkulu amene akuphunzira. Choncho vidiyo ikhale ya mwini wake. Iye asankhe woionera naye, ndipo woonerayo ayambe ndi kufunsa kuti, "Apa mumafuna ana achite chiyani?" asanapereke maganizo ake.

Musaiwalenso ana. Musanajambule, pemphani chilolezo kwa ahedi ndi makolo, ndipo ana muwauze chifukwa chake. Wokana musamukakamize, akhale pamene kamera siikufika. Vidiyoyo isapite pa WhatsApp kapena Facebook, chifukwa ikangotuluka simungaibwezenso, ndipo mwana amene analakwitsa kuwerenga akhoza kusekedwa mudzi wonse. Mukamaliza kuigwiritsa ntchito, ifufuteni.

Musadikire phunziro limene mumalidziwa bwino. Sankhani limene limakuvutani, jambulani mphindi 10 mlungu uno, ndipo muwerenge masekondi amene mumadikira mukafunsa funso. Nambala imene mupeze ilembeni m'kope lanu, mudzaiyerekeze ndi ya kumapeto kwa teremu.