Mwana wobwera kwawo si mlendo

Akonzi,

Ndiloleni kadanga m'nyuzi yathu yokondedwayi kuti ndiyankhule ndi makolo athu akumudzi, anzanga amene tili kutali ndi kwathu, ndiponso abusa ndi ansembe, pa nkhani imene yandikhala pamtima chibwerere ku tchuthi.

Ine ndimagwira ntchito yokonza galimoto ku Johannesburg, koma kwathu ndi ku Dedza, cha ku Linthipe. Pa Khrisimasi ya 2024 ndidapita kukaona makolo nditatha zaka zinayi osaponda pakhomo. Ulendo wa basi ndi wa masiku awiri, kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, ndipo njira yonseyo m'mutu mwanga mudali chinthu chimodzi chokha: nsima ya mgaiwa ya nkhwani wotendera, wophika mayi anga.

Nditafika, nthungululu ndi malonje zitatha, adandilowetsa m'nyumba ndekhandekha. Patebulo adayalapo nsalu yobwereka, ndipo padali mpunga, nkhuku yachizungu yogula, buledi, majarini ndi mabotolo a Fanta. Ana ankangosuzumira pazenera ngati m'nyumbamo mwalowa bwana. Nditatuluka, ndidapeza mayi, alongo anga ndi ana ali kuseri kwa khitchini akudya nsima ya nkhwani, ndiwo zomwe zija ndidaziyendera makilomita oposa 1,500.

M'mawa mwake mlongo wanga adandinong'oneza kuti mayi adagulitsa ndowa zitatu za chimanga, nkutenganso katapila, kuti agule zonsezo. Akonzi, nonse mukukumbukira mmene chidaliri chaka chimenecho. Mvula idadula, ndipo mu Marichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Komanso mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, kotero kuti katundu wa m'sitolo adakwera mosaneneka. Chimanga chimene adagulitsacho chidali choti chiwaolotse Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene nkhokwe zimakhala mbee.

Nditawafunsa kuti, "Amayi, mwachitiranji zimenezi?" iwo adati, "Mwana wanga, mlendo ndi mame. Nanga anthu akadati chiyani atamva kuti mwana wochokera ku Joni wadya nkhwani?"

Mawu amenewa ndiwo andilembetsa kalatayi. Mwambiwo ndi woona, ndipo sindikutsutsa mtima wolandira alendo umene Amalawi timadziwika nawo. Koma ine sindine mlendo pakhomo pamene mchombo wanga udagwera. Mlendo akapita, nkhani yatha. Mwana akapita, amasiya mtima pomwepo, ndipo akamva kuti makolo akugona ndi njala chifukwa cha mpunga umene iye adadya, ulendo wonse umasanduka wowawa.

Tsiku lomwelo ndidapempha kuti mpunga wotsala aphikire ana, ine andipatse zimene onse akudya. Masabata awiri amene adatsatira sindidzawaiwala. M'mawa tinkamwa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nkutenga makasu kupita kokapalira ndi amalume. Pobwera kumunda tinkapeza thobwa lozizira bwino mumtsuko. Masana nsima inkabwera ndi bonongwe, tsiku lina chisoso, tsiku lina therere la denje, pena usipa wa tomato. Mvula itagwa usiku, ana adatola ngumbi, ndipo alongo anga adabwera ndi bowa. Mango ndiye ankangogwa okha. Amunafe tinkadyera m'mbale imodzi patsinde pa mtengo wa mango, ndipo madzulo ndinkakhala pamphasa ndi mayi tikusenda mtedza, iwo akundiuza amene adamwalira, amene adakwatiwa, ndi nkhani za agogo anga amene adapita ku Wenela. Zonsezi ndikadazimva bwanji ndili ndekha patebulo lija?

Makolo athu, dziwani kuti buledi ndi zakumwa za m'botolo kumene tikukhalako si zaulemu ayi. Ndi zimene timadya titaimirira, pothamangira ntchito. Zimene timazilakalaka ndi zomwe inu mumachita nazo manyazizo. Amalawi ambiri ku Johannesburg timalipira ndalama kuti mabasi atibweretsere usipa, mfutso ndi nsinjiro. Ndiponso azaumoyo amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya, ndipo amati mgaiwa uli ndi zofunika m'thupi zambiri kuposa ufa woyera chifukwa gaga sachotsedwa. Nsima ya mgaiwa, masamba otendera, kausipa ndi bango limodzi, mwakwanitsa magulu ambiri osalowa m'golosale.

Koma ndisanamizire makolo okha. Manyazi amenewa tidawaphunzitsa ndife. Ena tikafika timanyinyirika ndi utsi, timati therere tidasiya, ana athu timawaletsa kudya ndi anzawo. Ena tikangotula chikwama timathamangira ku malo omwera mowa, nkumagulira aliyense kuti tioneke olemera, kubwerako usiku makolo atagona. Ena timakhala pamphasa koma maso ali pa foni. Kholo likaona zimenezi limaganiza kuti mwana wakula kuposa mudzi, ndiye limayamba kumusamala ngati mlendo. Anzanga, tikafuna kupita kwathu titumize uthenga kuti asagule kanthu. Ngati tili ndi kangachepe, tigule thumba la chimanga kapena la feteleza, ndipo tikafika tikhale pansi.

Kwa inu abusa, ansembe ndi akulu ampingo, chonde tithandizeni, poti mawu anu amamveka kuposa athu. Ikayandikira Khrisimasi, akumbutseni akhristu kuti kulandira mwana sikufuna ngongole. Ena adzakuyankhani kuti bambo wa mwana wolowerera uja adapha mwanawang'ombe wonenepa. Inde adapha, koma adamutenga m'khola mwake, sadapite kwa akatapila, ndipo phwandolo silidali la munthu mmodzi wotsekeredwa m'nyumba. Ngati pakhomo pali nkhuku yoweta, ipheni, tidye tonse ndi ana omwe. Ngati palibe, nkhwani akwanira. Inunso mukamayendera nthambi zakumidzi mumaona mmene anthu amadzipanira kuti akulandireni. Mutanena poyera kuti mgaiwa ndi masamba mumadya mokondwa, mudzamasula mabanja ambiri.

Katapila uja ndidabweza ndisananyamuke, ndipo ndidagula chimanga china, ngakhale mtengo wake udali utakwera kuposa umene mayi adagulitsira. Potsazikana, mayi adandimangira kathumba ka nsinjiro ndi ka ufa wa mgaiwa, nkunena akuseka kuti ulendo wina tebulo lija sadzalivutitsanso. Paja akulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.



Mwana wa ku Linthipe,
Johannesburg.