Olosera za dzuwa asanyozedwe, apatsidwe zoyezera

Pa 3 Febuluwale 2022 kampani ya SpaceX ya ku America inatumiza kumwamba masetilaiti 49 a Starlink, omwe aja amene mbale zake za intaneti tikuziona pa madenga ena m'tauni muno. Patangopita masiku ochepa, 38 mwa masetilaitiwo anagwa n'kupsera mumlengalenga. Palibe anawaombera ayi. Anagwetsedwa ndi mpweya umene unafufuma chifukwa cha mkuntho wochokera ku dzuwa, ndipotu mkunthowo unali waung'ono chabe.

Mnzanga wina pano pa nyuzi atamva nkhaniyi anaseka, amvekere: "Azanyengo n'chimodzimodzi kulikonse. Akati kubwera mvula, iwe yanika mphale." Ine sindinaseke naye. Maphunziro a sayansi ndinawasiyira panjira ku yunivesite, koma zochepa zimene ndinatolako zikundiuza kuti anthu amenewa akufunika thandizo osati chipongwe.

Nkhani yake ili motere. Nthawi zina dzuwa limalavula chimtambo cha tizinthu tokhala ndi mphamvu ya magetsi ndi ya maginito. Kuwala kumatipeza m'mphindi 8, koma chimtambocho chimayenda tsiku limodzi kapena angapo. Chikaomba mphamvu ya maginito imene yakuta dziko lapansi, mpweya wopyapyala wa kumtunda, kuyambira pa makilomita 100 kupita m'mwamba, umatentha n'kufufuma ngati ufa wa mandasi. Setilaiti imayamba kulemedwa ngati njinga pamchenga, n'kumatsika. Masetilaiti aja anali pa mtunda wa makilomita 210 okha.

Inu akuluakulu amene munali kunja, ndi inu amene munkatseka chitseko n'kumamvera BBC pa shortwave chapansipansi, mpweya umenewu mumaudziwa ngakhale simunauonepo. Mawu ochokera kutali ankagunda kumeneko n'kubwerera pansi kudzalowa m'wailesi yanu. Masiku ena mawuwo ankangozimirira, ndipo si nthawi zonse pamene vuto linali mabatire.

Nanga n'chifukwa chiyani kulosera kumavuta? Ukali wa mkuntho umadalira kumene mphamvu ya maginito ya m'chimtambo chija yaloza. Ikaloza kum'mwera, zinthu zimaipa. Ikaloza kumpoto, chimtambocho chimangodutsa osavuta kwenikweni. Zimenezi zimadziwika bwino chimtambocho chikafika pa masetilaiti olondera amene ali pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno. Apo n'kuti kwatsala mphindi 15 mpaka ola limodzi basi. M'nthawi yochepayo makompyuta, monga a bungwe la NOAA ku Boulder, Colorado, ayenera kuwerengera kuti mpweya ufufuma motani, kuti, ndiponso kwa maola angati. Masamu akewo amafuna miyezo yeniyeni, koma zida zoyezera n'zochepa, ndipo kuno ku Africa ndiye n'zapatalipatali poyerekeza ndi ku Ulaya ndi ku America. Ngakhale katswiri atakhala wanzeru chotani, sangaphike nsima popanda ufa.

Ndikudziwa kuti wina afunsa: anthu akusowa feteleza, iwe ukutiuza za dzuwa? Funsolo n'lomveka, ndipo sindikunena kuti tigule roketi. Koma taonani. Pa 13 Malichi 1989 mkuntho wotere unathimitsa magetsi m'chigawo cha Quebec ku Canada, anthu pafupifupi 6 miliyoni n'kukhala mumdima maola 9. Ambiri ankaganiza kuti limeneli ndi vuto la maiko a kumpoto okha, kufikira mikuntho ya mu Okutobala ndi Novembala 2003 itaononga mathiransifoma akuluakulu a Eskom ku South Africa. Mu Meyi 2024 alimi ena ku America anaimika mathirakitala nyengo yodzala ili mkati chifukwa GPS inasokonekera. GPS yomweyo ndi imene amadalira oyeza malire a minda ndi oyendetsa ndege zotera kuno kwathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Anzathu a ku South Africa anaphunzirapo. Ku Hermanus, kumene akhala akuyeza maginito a dziko kuyambira 1941, bungwe lawo la SANSA linatsegula mu 2022 malo olondera dzuwa usana ndi usiku. Ifeyo sitikufunika kumanga athu. Chimene ndikupempha n'chaching'ono. Mayunivesite athu asunge zida zoyezera maginito ndi zolandirira GPS, ophunzira aziziyang'anira, ndipo miyezoyo izitumizidwa kwa aliyense woifuna, osaitsekera m'kabati ya bwana. Azamagetsi ndi oona za ndege azilandira machenjezo a ku Hermanus, ndipo akalandira aziuza anthu poyera.

Nawonso olosera ndili nawo ndi pempho. Akamachenjeza azinena mosabisa kuti akutsimikiza pang'ono kapena kwambiri, ndipo akaphonya azivomera n'kufotokoza chimene chinawasocheretsa. Anthu amakhululukira wophonya amene wanena zoona.

Dzuwa limakalipa n'kufatsa pa zaka pafupifupi 11 zilizonse, choncho mikuntho ina ikubwera ndithu. Mnzanga uja ndamuuza kuti aziseka ndithu, koma tsiku limene thiransifoma ya kwawo idzapse asadzafunse kuti bwanji sanatichenjeze, pamene ife eni ake sitinapereke ngakhale muyezo umodzi.