Oteteza ana a ku Ruarwe sadya "zikomo"

Pali anthu ena m'dziko muno amene timawakumbukira pokhapokha mwana akagwiriridwa kapena akakwatiwitsidwa. Ndikunena ogwira ntchito yoteteza ana m'midzi, amayi a m'magulu oyang'anira atsikana pasukulu, ndi alezi a sukulu za mkombaphala. Tisanamizane, boma likuwadyera masuku pamutu anthu amenewa.

Malamulo tili nawo, abwino ndithu. Mu 2010 aphungu anavomereza lamulo losamalira ndi kuteteza ana. Mu 2015 kunabwera lamulo la maukwati loletsa kukwatira kapena kukwatiwa munthu asanakwane zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa kuti agwirizane nalo. Chikhalirecho kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 anakwatiwa asanafike zaka 18. Kodi lamulo lili ndi miyendo yoti n'kuyenda lokha?

Tatengani mudzi wa Ruarwe, kumpoto kwa Usisya m'boma la Nkhata Bay. Mudziwu wapanikizika pakati pa mapiri ndi nyanja, ndipo anthu amafikako pa boti kapena wapansi. M'midzi ya m'mbali mwa nyanjayi abambo ambiri ali ku Joni, ana atsala ndi agogo. Mnyamata akagona panyanja kusaka usipa, m'mawa kusukulu saoneka. Mtsikana wa Sitandade 7 akapatsidwa mimba, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ili kutali, ku boma. Nambala yaulere ya 116 ilipo, inde, koma foni singalowe m'nyumba kukatulutsa mwana m'banja. Amene amakagogoda pakhomopo ndi munthu wa m'mudzi momwemo. Ndiye amatukwanidwa, ndiye amaopsezedwa kuti amlodza, ndipo mawa lake amakumana nawo omwewo pamaliro. Ambiri mwa anthu otere salandira ngakhale tambala. Chimene amaona ndi malaya a bungwe ndi botolo la Fanta pa 16 June, tsiku la mwana wa mu Africa.

Ena amati izi n'zongodzipereka, popeza mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chabwino. Nanga bwanji mabwana akamakambirana za ana omwewo m'mahotela a ku Mangochi sadzipereka, koma amasayinira alawansi? Ena amati anthu akumudzi sadziwa ntchito. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, imene inatisiya mu 2025, inathetsa maukwati a ana ambirimbiri pogwira ntchito ndi nyakwawa ndi amayi a m'midzi, osati akatswiri ochokera ku Capital Hill.

Nkhani ya ku Australia itiphunzitse kanthu. Kumeneko boma linkalanda ana a eni nthaka, Aaborijini, ponena kuti likuwateteza, ndipo mu 2008 nduna yaikulu Kevin Rudd anapepesa m'Nyumba ya Malamulo. Aaborijini sanadikire chipepesocho. Kuyambira m'ma 1970 anakhazikitsa mabungwe awoawo osamalira mabanja, ndipo lero boma limawapatsa ndalama mabungwewo, pozindikira kuti mwana amatetezedwa bwino ndi anthu odziwa chilankhulo ndi mtundu wake. Ife anthu oterowo tili nawo kale. Chimene tikuwamana ndi ulemu ndi malipiro.

Tsono ine ndikupempha zinthu zitatu. Unduna woona za ana uwalembe ntchito oteteza ana a m'midzi ndi kumawalipira mwezi ndi mwezi. Khonsolo ya Nkhata Bay iike padera ndalama za mafuta a boti, kuti mwana wochitidwa nkhanza ku Ruarwe afike kupolisi ndi kuchipatala umboni usanafufutike. Ndipo inu aphungu, amene mumaidziwa bwino njira ya kunyanja nthawi ya kampeni, kafunseni m'Nyumba ya Malamulo kuti oteteza ana olipidwa m'dera lanu alipo angati. Yankho lake mudzatiuze, tidzalisindikiza.