Mwana wotupa manja si wa malungo nthawi zonse

Makolo, ndi inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi, mwana wa miyezi 6 kapena kuposerapo akamatupa manja ndi mapazi, n'kumalira usiku wonse, ambiri timathamangira kuti ndi malungo. Ena amati walodzedwa. Ine ndikuti mwana wotere akayezedwenso matenda a sickle cell, ndipo chifukwa chake chili m'mene magazi amayendera.

Maselo ofiira a magazi, omwe amanyamula mpweya wa okosijeni, ndi aang'ono kwambiri moti oposa 100 atandandalikidwa amangokwana milimita imodzi. Komabe timitsempha tina tofikitsa magazi ku minofu ndi m'mafupa n'topapatiza kuposa selolo. Ndiye limadutsa bwanji? Limapindika. Ganizirani jumbo yomwe mwathiramo madzi osadzaza: mukhoza kuikanikiza n'kudutsa pampata wochepa osaphulika. Selo labwino limatero, ndipo maselowa amadutsa mondondozana ngati anthu pamlatho wa mtengo umodzi. Limagwira ntchitoyi masiku pafupifupi 120.

Mwa mwana wa sickle cell, okosijeni ikachepa selo limauma n'kukhota ngati chikwakwa. Likafika pothina limakodwa, ena n'kuunjikana kumbuyo kwake. Malo amene magazi sakufika amapweteka koopsa, n'kutupa. Maselo oterewa amafa pakangotha masiku 10 mpaka 20, n'chifukwa chake mwanayo amakhala wochepa magazi, maso achikasu.

Chimene chimandipweteka n'kuona mayi akunyozedwa ndi apongozi kuti ndiye wabweretsa matenda pakhomo. Mwana amatengera kwa bambo ndi mayi omwe. Onse awiri akakhala ndi chibadwachi, ngakhale iwo asakudwala, pamimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa 4 woti mwana adwale.

Kuchepa kwa madzi m'thupi, kuzizira ndi kutentha thupi zimachititsa kuti maselo akodwe msanga. Choncho mwana azimwa madzi pafupipafupi, afunde bwino m'miyezi ya June ndi July, ndipo azigona m'neti usiku uliwonse, chifukwa malungo nawonso amaumitsa maselo ofiira. Thupi likatentha, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire kuti kuche kawiri.

Inu odzipereka, mukaona mwana amene m'buku lake la kuchipatala mwalembedwa kuti anawonjezeredwa magazi kangapo, auzeni makolo akafunse dokotala za kuyezetsa sickle cell. Akapezeka nayo, alipo mankhwala monga penicillin, folic acid ndi hydroxyurea omwe dokotala angamuyambitse.