Madzi oundana si nkhawa ya azungu okha

Akonzi,

Bambo amene analemba sabata yatha kuti kusungunuka kwa madzi oundana ndi nkhawa ya azungu okha andikhumudwitsa kwambiri.

Akuti mu Africa mulibe madzi oundana. Alimo, bambo. Ine ndimayendetsa thiraki, ndipo ndagonapo kangapo ku Moshi, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro. M'mamawa mitambo ikachoka, pamwamba pa Kilimanjaro pamangooneka timawanga toyera, ngati ufa wotayikira pamphasa. Kuchokera mu 1912 kufika 2007, phirili linataya pafupifupi 85 peresenti ya madzi ake oundana. Mu 2022 bungwe la UNESCO linachenjeza kuti pofika 2050 otsalawo akhoza kutheratu.

Akutinso za ku Greenland n'zakutali. Madzi osungunuka kumeneko amathera m'nyanja yamchere, nyanjayo n'kumakwera. Madzi omwewo ndi amene amafika pagombe la Beira, kumene timakatenga mafuta a galimoto. Mzindawu uli m'chidikha. Namondwe Idai atauwomba mu 2019, anzanga anakhala masiku ambiri msewu utaduka, akugona m'mathiraki.

Za nthaka youndana ya ku Siberia sanazitchule n'komwe. Ikamasungunuka imatulutsa mpweya wa methane, umene umawonjezera kutentha komwe kukufotetsa chimanga m'munda mwanga kuno.

Woyendetsa thiraki,
Balaka