Chombo cha Odwala Chiposa Chombo cha Nkhondo

Anzanga ambiri akamakamba za mafilimu a m'mlengalenga monga Star Wars ndi Star Trek, chimene amatama ndi zombo zankhondo zophulitsana. Maganizo anga ndi akuti zombo zoyenera kutamidwa ndi zija zonyamula odwala, ndipo ife aseminale tili nacho chifukwa choziganizira mofatsa.

Tiyambe ndi James White, mlembi wa ku Belfast m'dziko la Northern Ireland, amene adamwalira mu 1999. Bamboyu adalemba nthano zopeka za chipatala chachikulu choyandama pakati pa nyenyezi chotchedwa Sector General. Buku loyamba, Hospital Station, lidatuluka mu 1962, ndipo mu 1979 kudabwera Ambulance Ship, momwe muli chombo cha ambulansi chotchedwa Rhabwar. Ntchito ya chombochi ndi kuthamangira kumene kwagwa ngozi n'kukatola ovulala, ngakhale akhale a mtundu umene madokotala sadauonepo chibadwire.

Odwalawo ndi odabwitsa ndithu. Ena amakhala m'madzi, ena amapuma mpweya wa chlorine umene ife ungatiphe, ndipo ena maonekedwe awo ndi oti mukakumana nawo usiku mungathawe. M'chipatalamo munthu wa pa dziko lathu alibe mpando wapamwamba; amangolembedwa ndi zilembo zinayi, DBDG, monga momwe mtundu wina uliwonse ulili ndi zilembo zake. Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti dokotala akafuna kuchiza wodwala wachilendo, amalandira m'mutu mwake nzeru ndi maganizo a dokotala wa mtundu wa wodwalayo. Zikatero ngakhale chakudya chimene iye amachikonda chimayamba kumunyansa. Amalolera kusauka chotero kuti amvetse bwino ululu wa mnzake.

Ena adzati izi n'zopeka, ndipo mwana wa ku seminale asataye nazo nthawi. N'zoona kuti Rhabwar kulibe. Komatu Ambuye Yezu nawonso ankaphunzitsa ndi mafanizo. Mu Luka 10, amene adaima n'kumanga mabala a munthu wovulazidwa ndi achifwamba adali Msamariya, wa mtundu wodedwa, pamene wansembe adangolambalala. Nthano za White zikufunsa funso lomwelo koma molikulitsa: ngati tiyenera kuchitira chifundo cholengedwa cha miyendo isanu ndi umodzi, nanga mnzathu wa chigawo china kapena mpingo wina tingamukane bwanji?

Ena adzatinso chombo chotere n'chofooka. Apa akunena zoona. Mu gawo lomaliza la Star Trek: The Next Generation mu 1994, chombo cha chipatala cha USS Pasteur, chimene ankatsogolera Dr Beverly Crusher, chidaphwasulidwa ndi zombo za Aklingon. Ngakhale pansi pano, pangano la ku Geneva la 1949 limati zombo za chipatala zipakidwe utoto woyera, ziikidwe mtanda wofiira, ndipo zisaomberedwe. Chitetezo chake chimangodalira kuti adani asunge lonjezo. Koma kodi wansembe chitetezo chake n'chotani? Camillus de Lellis Woyera, amene adamwalira mu 1614, adali msilikali, koma adataya lupanga n'kuvala mtanda wofiira pachifuwa kuti atumikire odwala. Kufooka kotereku Mpingo umakulemekeza.

Choncho ndikupempha abambo ansembe ndi makolo athu kuti mukatipeza ndi buku lotere, musafulumire kutilanda. Yambani mwatifunsa chimene taphunziramo. Ndipo inu anzanga, mukamaonera zombo zikuphulika, dzifunseni kuti ovulalawo akawatola ndani. Ngati Mulungu adzatilola kufika pa guwa, ntchito yathu idzakhala ya m'chombo chimenecho.